Mwasamukira Dziko Lina Ndipo Mukufuna Umodelo ndi Zisudzo: Yambani Motere

Ambiri amene asamukira kudziko lina n'kufuna ntchito yoonetsa zovala kapena yochita mafilimu amayambira kumapeto. Amalipira zithunzi zodula, n'kuyamba kusakasaka ajenti (munthu wowapezera ntchito), ndipo za mapepala amazikumbukira tsiku limene kampani yawasankha n'kuwafunsa chilolezo chogwirira ntchito. Ntchito ija imangopita kwa wina pomwepo. Mlendo ayenera kutsata ndondomeko ina: mapepala kaye, kenako zithunzi zosanama, ndiye ajenti ndi kontrakiti. Luso limakula m'kati mwa ulendo, koma zinayi izi zikasokonekera, ngakhale mukhale wokongola bwanji simufika patali.

Choyamba, onani zimene viza yanu ikulola

Tulutsani chikalata chimene munalowera m'dzikomo ndipo werengani mawu enieni a zimene mukuloledwa kuchita. Kukhala m'dziko movomerezeka ndi nkhani ina, kuloledwa kugwira ntchito iyi ndi nkhani inanso. Viza ya mlendo wongocheza, monga B-2 ya ku United States, silola ntchito yolipidwa, ngakhale ya tsiku limodzi. Ku United Kingdom, wophunzira wa pa Student visa amatha kugwira ntchito zina kwa maola owerengeka pa sabata, koma lamulo limamuletsa kudzilemba yekha ntchito komanso kugwira ntchito ngati msangalatsi. Pakuti mamodelo ndi ochita zisudzo ambiri kumeneko amawerengedwa ngati odzilemba okha ntchito, wophunzira amene walandira malipiro a kujambulidwa akhoza kutaya viza yake yonse osadziwa kuti walakwa.

Njira zopangidwira ntchitoyi zilipo. Ku United States kuli H-1B3 ya mamodelo odziwika, imene ili m'gulu la maviza okhala ndi malire a chiwerengero pachaka, ndiponso O-1 ya anthu a luso lapadera, imene poyamba imaperekedwa mpaka zaka 3. Zonse ziwiri simungazipemphe nokha. Payenera kukhala kampani kapena ajenti wa komweko wokupempherani, ndipo amafuna umboni wa ntchito zimene munachita kale. Ku United Kingdom kuli Creative Worker visa, ya miyezi yosapitirira 12 poyamba, ndipo imafuna kalata ya kampani yokhala ndi chilolezo chokuitanani. Ku France lamulo limamutenga modelo ngati wolembedwa ntchito wa ejensi (kampani yopezera mamodelo ntchito), ejensiyo iyenera kukhala ndi layisensi, ndipo kuyambira 2017 modelo amafunika kalata ya dokotala yotsimikiza kuti thanzi lake n'loyenera ntchitoyi.

Malamulo awa amasinthasintha, choncho werengani pa tsamba la boma la dzikolo kapena funsani loya wa za anthu olowa m'dziko. Mawu a mnzanu wa pa WhatsApp si lamulo. Ngati mapepala anu sanakwane, nthawi yodikirayo igwiritseni ntchito pophunzira zisudzo ndi chilankhulo. Pezaninso nambala ya msonkho ndi akaunti ya kubanki ya m'dzina lanu mukangololedwa, chifukwa ejensi yoona nthawi zambiri silipira ndalama pamanja.

Dziwani msika umene ukukuyenerani

Tengani tepi ya telala, mudziyeze mutavala zopyapyala: kutalika popanda nsapato, chifuwa, chiuno, matako pamene pali potambalala kwambiri, ndi saizi ya nsapato. Amuna awonjezere khosi ndi kutalika kwa mwendo kuchokera m'mphechepeche. Lembani m'masentimita ndi m'mainchi, poti Europe imagwiritsa ntchito oyambawo pamene America imagwiritsa ntchito enawo. Musawonjezere ngakhale sentimita imodzi. Akakuitanani adzakuyezani okha, ndipo wonama amadziwika m'mphindi imodzi.

Zionetsero zazikulu za ku New York, London, Milan ndi Paris zimafuna akazi otalika pafupifupi masentimita 175 mpaka 180 ndi amuna a 183 mpaka 188, chifukwa zovala zoonetsera amazisoka pa saizi imodzi. Ngati simufika pamenepo musataye zaka mukugogoda khomo limenelo. Ntchito zambiri, ndiponso zobwera kawirikawiri, zili m'malonda: zotsatsa za pa TV ndi pa intaneti, zovala za masitolo ogulitsa pa intaneti, zodzoladzola, ngakhale kujambula manja okha kapena mapazi okha. Kumeneku amafuna nkhope za misinkhu yonse ndi matupi osiyanasiyana, ndipo kwa munthu wofuna zisudzo n'kumene kuli mlatho, chifukwa chotsatsa chimafuna kuti muyende, museke, mulankhule pa kamera.

Nyengo nayo muidziwe. Zionetsero za zovala za akazi zimachitika mu February ndi March, kenako mu September ndi October. Ku Cape Town makampani a ku Europe amabwera kudzajambula zotsatsa m'chilimwe cha kumeneko, kuyambira cha m'ma October mpaka March, pothawa chisanu cha kwawo.

Zithunzi zoyamba sizifuna ndalama

Ejensi ya mamodelo imafuna zithunzi zimene amazitcha digitals, ndipo foni yabwino imakwanira. Imani patsogolo pa khoma loyera lopanda chilichonse, nkhope yanu iyang'ane kuzenera masana, dzuwa lisakuwombeni mwachindunji. Valani jinzi yakuda yogwira thupi ndi T-sheti yopanda zolemba. Osadzola zophoda, osaika wigi kapena nsidze zomata, osagwiritsa ntchito mafyuluta. Wojambulayo agwire foni pa msinkhu wa chifuwa chanu, chifukwa akajambula kuchokera m'mwamba miyendo imaoneka yaifupi. Mukhale ndi chithunzi cha nkhope yosamwetulira, cha nkhope yomwetulira mano akuoneka, cha m'mbali zonse ziwiri, cha kuchokera m'chiuno, ndi cha thupi lonse kutsogolo ndi kumbuyo.

Kwa a khungu lakuda pali vuto limodzi lobwerezabwereza. Khoma likawala kwambiri, kamera imadzichepetsera kuwala kwake yokha ndipo nkhope imasanduka mthunzi wopanda maso. Dinani pa nkhope pa sikirini ya foni kuti kamera iyezere kuwala pamenepo, kwezani pang'ono, kapena sankhani khoma lotuwa m'malo mwa loyera mbee.

Zisudzo zimafuna chithunzi china, headshot, cha mutu ndi mapewa, chosindikizidwa pa mainchi 8 ndi 10 ngati achifuna papepala. Apa ndiye pamene ndalama zanu zoyamba zipite. Musanasankhe wojambula, onani ngati m'ntchito zake muli anthu a khungu ngati lanu, ndipo mumuletse kukuyeretsani pokonza chithunzi. Cholinga n'chakuti munthu wolowa m'chipinda akhale yemweyo amene anamuona pa chithunzi. Comp card, khadi la zithunzi ndi miyezo yanu, musafulumire kupangitsa, ejensi idzapanga lake.

Kupeza ajenti, ndi kuzindikira akathyali

Ejensi zoona zili ndi malo otumizira zithunzi pa mawebusayiti awo, ndipo zina zimakhala ndi tsiku lolandira aliyense. Tumizani digitals, miyezo, zaka zanu, mzinda umene muli, ndi mzere umodzi wonena kuti muli ndi chilolezo chogwira ntchito ndipo chidzatha liti. Mzere umenewu umakuikani patsogolo pa alendo anzanu ambiri, chifukwa ndi funso loyamba limene ali nalo m'mutu. Tumizani ku ejensi zingapo nthawi imodzi. Akapanda kuyankha, yesaninso pakapita miyezi 6 ndi zithunzi zatsopano.

Lamulo la ntchitoyi n'lakuti ajenti amadya inu mukadya. Amatenga gawo la malipiro a ntchito imene wakupezerani, salipiritsa kuti akulembeni m'kaundula. Ku United Kingdom lamulo limaletsa ejensi kulipiritsa mamodelo a zovala ndi a zithunzi ndalama zoyambira zowafunira ntchito, ndipo ku California lamulo la Krekorian la 2009 limaletsa kulipiritsa munthu pasadakhale kuti amuimire. Ndiye wina akati mulipire kaye ndalama yolembetsera, kapena mujambulitse kwa wojambula wawo yekha pamtengo wokwera, kapena mulowe sukulu yawo musanapatsidwe ntchito, nyamukani.

Alendo ndi amene amasakidwa kwambiri, chifukwa sadziwa malamulo a m'dzikomo ndipo amaopa kupita kupolisi. Uthenga ukabwera pa Instagram wonena kuti ndife a ejensi yakutiyakuti, musayankhire pomwepo. Pezani nambala ya foni pa webusayiti ya ejensiyo, muimbe, mufunse ngati munthuyo amagwiradi ntchito kumeneko. Ejensi yoona sipempha zithunzi zamaliseche, sichitira msonkhano m'chipinda cha hotelo, ndipo sisunga pasipoti yanu. Fotokope akhoza kutenga, koma pasipoti yeniyeni ikhale m'manja mwanu nthawi zonse. Amene wakulandani pasipoti n'kukuuzani kuti muli ndi ngongole ya tikiti ya ndege wakuikani kale m'njira ya ozembetsa anthu, ndipo nkhaniyo ndi ya polisi kapena ofesi ya kazembe wa dziko lanu.

Kontrakiti ndi ndalama

Pano ndi pamene anthu amadyeredwa masuku pamutu ngakhale ndi ejensi zovomerezeka, choncho tichedwepo. Musasaine tsiku limene mwapatsidwa pepala. Pitani nalo kunyumba, ndipo ngati lalembedwa m'chilankhulo chimene simuchimva bwino, pezani womasulira wanuwanu, osati wa ejensi.

Ejensi za mamodelo nthawi zambiri zimatenga 20 peresenti ya malipiro anu, ndipo zimalipiritsanso kasitomala ndalama ina pamwamba. Ajenti wa zisudzo amene amatsata malamulo a SAG-AFTRA, bungwe loimira ochita zisudzo ku United States, amatenga 10 peresenti. Ku New York lamulo la Fashion Workers Act, limene linayamba kugwira ntchito mu June 2025, linaika malire a 20 peresenti pa gawo limene ejensi imatenga kwa mamodelo ndipo linaletsa makontrakiti opitirira zaka 3. Ngati muli ndi ejensi yoyamba imene inakutulukirani n'kukutumizani kwina, imene amaitcha mother agency, gawo lake liyenera kuchoka pa gawo la ejensi inayo, osati kudulidwanso pa zanu. Onetsetsani kuti zalembedwa choncho.

Chodetsa nkhawa kwambiri ndi ngongole. Ejensi ikakulipirirani ndege, nyumba yogona mamodelo, zithunzi zoyeserera, makhadi ndi ndalama ya m'thumba, zonsezo ndi ngongole imene idzadulidwa pa malipiro anu. Tiyerekeze mwagwira ntchito ya madola 1,000. Ejensi yatenga 200, atsala 800. Ngati ngongole yanu ili pa 1,500, simulandira kalikonse ndipo mukadali ndi ngongole ya 700, msonkho usanawerengedwe n'komwe. Nyumba za mamodelo zimadula modabwitsa poyerekeza ndi chipinda chodzipezera nokha, poti amakuunjikani ambiri m'chipinda chimodzi aliyense n'kulipira mtengo wonse wa bedi lake. Pemphani kuti chilichonse chodulidwa muzichivomereza kaye molemba, ndipo muzilandira sitetimenti mwezi uliwonse. Funsaninso chimene chidzachitike ndi ngongoleyo mukachoka musanaimalize.

Onani zinthu zitatu izi mosamala. Kontrakiti ndi ya zaka zingati, ndipo kodi imadziwonjezera yokha mukapanda kulemba kalata yoithetsa pa nthawi yake? Ikukumangani m'dera liti, mzinda umodzi, dziko limodzi kapena dziko lonse lapansi? Ejensi ya mzinda umodzi ilibe chifukwa chokumangirani dziko lonse lapansi. Ndipo chithunzi chanu adzachigwiritsa ntchito motani? Malipiro a tsiku lojambula ndi osiyana ndi malipiro a usage, kutanthauza chilolezo choonetsa chithunzicho kwa nthawi yakuti, m'mayiko akuti, pa zikwangwani, pa TV kapena pa intaneti. M'zotsatsa ndalama yaikulu imakhala pa usage. Mawu onena kuti adzachigwiritsa ntchito mpaka kalekale, paliponse, mwa njira iliyonse, amatanthauza kuti mwagulitsa nkhope yanu kamodzi kokha, ndipo mukatsatsira banki imodzi mwanjira imeneyi mabanki ena sadzakufunani. Masiku ano yang'ananinso ndime yolola kampani kupanga chifaniziro cha nkhope kapena mawu anu ndi kompyuta. Nkhani imeneyi inali imodzi mwa zifukwa zazikulu za sitiraka ya SAG-AFTRA ya 2023.

Malipiro amachedwa. Kudikira masiku 60 kapena 90 si zachilendo. N'chifukwa chake pamafunika ntchito ina ya maola osinthika, yamadzulo kapena ya kumapeto kwa sabata, imene viza yanu ikulola, poti ma casting (mayeso osankhira anthu ntchito) amabwera masana ndipo nthawi zina amakuuzani usiku wa dzulo lake. Pa ndalama iliyonse yolowa patulani gawo la msonkho, chifukwa kwa wodzilemba yekha ntchito palibe amene amamudulira.

Casting ndi self-tape

Mayeso ambiri a zisudzo tsopano amayamba ndi vidiyo yodzijambula nokha, imene amaitcha self-tape. Ikani foni chopingasa pa choimikira, lenzi ikhale pa msinkhu wa maso anu. Chithunzi chiyambire pachifuwa mpaka pamwamba pang'ono pa mutu. Kuwala kuchokere kutsogolo, kumbuyo kukhale khoma la mtundu umodzi. Tsekani mazenera ndi kuzimitsa fani, chifukwa vidiyo yosaoneka bwino amaipirira koma yosamveka amaitseka. Wokuwerengerani mawu a munthu winayo aime pafupi ndi foni, osaoneka, ndipo alankhule motsitsa kuposa inu, poti ali pafupi ndi maikolofoni. Maso anu ayang'ane iyeyo, osati lenzi, kupatula podzitchula dzina ndi kutalika kwanu poyamba kapena pomaliza monga alamulira. Fayilo muipatse dzina ndendende monga anenera ndipo muitumize tsiku lomaliza lisanafike.

Ku casting ya maso ndi maso fikani mphindi 10 nthawi isanakwane, mutavala zosavuta, akazi atanyamula nsapato zazitali ndi zovala zam'kati za mtundu wa khungu lawo. Akakusinthirani kachitidwe, sinthanidi. Nthawi zambiri sikuti munalakwa, akuyesa ngati mumamva malangizo. Mukatuluka iwalani. Kukanidwa ndiye kochuluka pa ntchitoyi, ndipo zifukwa zake zambiri si zanu: mwina mukufanana ndi wina amene amutenga kale, mwina ndinu wamtali kuposa mnzanu wa m'seweromo.

Lembetsani pa mawebusayiti amene osankha ochita zisudzo amagwiritsadi ntchito m'dzikolo: Spotlight ku United Kingdom, imene imafuna umboni wa maphunziro kapena wa ntchito zolipidwa, ndi Actors Access kapena Casting Networks ku United States.

Kalankhulidwe kanu

Musakataye, koma musadalire iko kokha. Ndi kalankhulidwe ka kwanu kokha, mudzaitanidwa pa mbali za othawa nkhondo, oyendetsa takisi ndi asilikali achiwembu, ndipo mbali zimenezi n'zochepa. Mphunzitsi wa katchulidwe amakuthandizani kukhala ndi kalankhulidwe kachiwiri ka dziko limene muli. Chovuta kwambiri si zilembo, ndi pamene mawu amagogomezedwa ndi kukwera kapena kutsika kwa chiganizo. Tengani chiganizo chimodzi cha mbadwa ya komweko, muchimvetsere, muchibwereze mukudzijambula, mufananize, mphindi 15 tsiku lililonse. Pa CV lembani zilankhulo zonse zimene mumalankhula bwino, pamodzi ndi maluso enieni monga kusambira, kuvina kapena kuyendetsa galimoto. Musalembe kuti mumakwera hatchi ngati munakwerapo kamodzi, chifukwa tsiku lojambula hatchiyo idzakhala ikukudikirani.

Tsiku lojambula

Werengani call sheet (pepala la ndondomeko ya tsiku lojambula) usiku, muone nthawi, malo ndi nambala ya woyang'anira. Nyamulani faundeshoni ya mtundu wa khungu lanu, mafuta opaka kuti khungu lisatuwe pa magetsi, chipeso ndi mafuta a tsitsi lanu. N'zokwiyitsa kuti mpaka lero ena okongoletsa amabwera opanda zipangizo za khungu lakuda, koma wochita manyazi pa chithunzi mudzakhala inu. Musalole kuti tsitsi lanu alidule, alidaye kapena aliwongole ndi mankhwala ngati sizinagwirizanidwe kudzera kwa ajenti. Chimodzimodzi kuvula kapena kupsompsonana: ziyenera kulembedwa m'kontrakiti tsikulo lisanafike, ndipo m'mafilimu ambiri tsopano mumakhala munthu woyang'anira zochitika zoterezi. Akakupatsani pepala latsopano loti musaine pamalopo, lijambuleni, mutumize kwa ajenti, mudikire yankho. Lembani nthawi imene mwafika ndi imene mwaweruka, chifukwa maola owonjezera amalipiridwa.

Kuchoka pa umodelo kupita pa zisudzo

Njirayi ena anaidutsa. Djimon Hounsou, wobadwira ku Cotonou m'dziko la Benin, anapita ku France ali mnyamata, anagonapo m'misewu ya Paris, anakhala modelo kudzera kwa wosoka zovala Thierry Mugler, n'kusamukira ku United States mu 1990, ndipo pambuyo pake anasankhidwa kawiri kupikisana nawo pa mphoto ya Oscar. Pakati pa kufika kwake ku America ndi filimu imene inamutchukitsa mu 1997 panadutsa zaka 7 za timbali ting'onoting'ono ndi mavidiyo a nyimbo. Charlize Theron anachoka ku South Africa n'kuyamba umodelo ku Milan asanapite ku Los Angeles.

Osankha anthu a mafilimu amakayikira mamodelo, ndipo chifukwa chake chilipo. Modelo anaphunzira kudziwa pamene kamera ili ndi kuipatsa mbali yake yabwino, pamene wa zisudzo ayenera kuiwala kamera n'kumvetsera mnzake. Chizolowezi chimenechi chimachoka m'kalasi yochitira masewero ndi anthu ena sabata ndi sabata. Fufuzani mafilimu a ophunzira a m'masukulu a mafilimu ndi mafilimu aafupi, mutatsimikiza kaye kuti mapepala anu akulola ngakhale ntchito yosalipidwa, ndipo gwirizanani pasadakhale kuti adzakupatsani vidiyo yake. Pa zidutswa za mavidiyowo pangani showreel, vidiyo yoonetsa luso lanu, ya mphindi imodzi kapena ziwiri, chidutswa chabwino koposa chikhale poyamba, ndipo nkhope yanu ioneke m'masekondi oyambirira.

Za mabungwe musathamangire. Ku United States munthu amayenerera kulowa SAG-AFTRA akapeza mbali imodzi yolankhula pa ntchito ya bungweli kapena masiku 3 a kungooneka chakumbuyo osalankhula, pa kontrakiti ya bungweli. Koma mukalowa simuloledwanso kugwira ntchito zimene si za bungweli, ndipo kwa woyamba kumene zimenezo ndiye zochuluka. Ku United Kingdom bungwe la Equity limalandira ochita zisudzo ndi mamodelo omwe, ndipo mamembala amatha kupita kubungweli ndi kontrakiti yokayikitsa kapena nkhani ya malipiro amene akukanizidwa.

Kuyambira ntchito yoyamba, tsegulani foda imodzi pa kompyuta ndi ina ya mapepala. Muziikamo kontrakiti iliyonse, call sheet, risiti ya malipiro, tsamba la magazini lokhala ndi deti ndi dzina lanu, chithunzi cha chikwangwani chimene mwaonekapo, ndi makalata a anthu amene mwagwira nawo ntchito. Zimenezi n'zimene ofesi yoona za olowa m'dziko idzafune pokonzanso viza kapena popempha O-1, ndipo kuzisonkhanitsa patapita zaka kumavuta chifukwa masamba a pa intaneti amafufutidwa ndipo makampani amatsekedwa. Yambani zokonzanso viza kutatsala miyezi 6 kuti ithe, ndipo muuze ajenti detilo, poti kampani siingakusungireni ntchito ya tsiku limene chilolezo chanu chidzakhale chitatha.